Mmene mungafufuzire ngati Yesu wa ku Nazarete anakhalakodi

Musanatsegule buku lililonse, lekanitsani mafunso awiri amene anthu ambiri amawasakaniza. Loyamba ndi lakuti kodi ku Galileya kunalidi Myuda wotchedwa Yesu, amene ankaphunzitsa anthu kenaka n'kupachikidwa pamtanda. Lachiwiri ndi lakuti kodi munthuyo anali Mwana wa Mulungu amene anauka kwa akufa. Lachiwirili ndi lachikhulupiriro, ndipo wofufuza mbiri yakale alibe muyeso wolipimira, koma loyambalo lingayesedwe monga mmene timayesera nkhani ya munthu wina aliyense wa m'nthawi ya Aroma.

Yambani ndi mboni yakale kwambiri. Mboniyo si Mauthenga Abwino anayi aja monga ambiri amaganizira, popeza wa Marko, umene akatswiri ambiri amati ndiwo woyamba, unalembedwa cha m'chaka cha 70 AD. Makalata a Paulo ndiwo anatsogola, pakuti analembedwa m'zaka za m'ma 50, patangopita zaka pafupifupi 20 chipachikidwire Yesu. Werengani mofatsa Agalatiya 1:18-19, pamene Paulo akunena kuti anapita ku Yerusalemu, anakhala kwa Kefa (ndiye Petro) masiku 15, ndipo anaonanso Yakobo, mbale wa Ambuye. Taonani kuti mawuwa sakuwalemba pofuna kutsimikizira wina aliyense kuti Yesu anakhalako. Akungowatchula modutsa, ali mkati modziteteza pa nkhani ya utumwi wake. Kwa ine apa m'pamene pagona nkhani yonse, chifukwa munthu wa m'nthano sakhala ndi mbale wake amene mungam'peze mumzinda n'kulankhula naye maso ndi maso.

Mukatero, funani mboni zimene sizinali Akhristu. Tacitus, wolemba mbiri wachiroma, pofotokoza za moto umene unatentha mzinda wa Roma mu 64, analemba cha m'chaka cha 116 kuti Nero, mfumu ya Roma, anakankhira mlanduwo kwa Akhristu, ndi kuti dzina lawo linachokera kwa Khristu, amene anaphedwa ndi Pontiyo Pilato mu ulamuliro wa mfumu Tiberius. Tacitus ankanyansidwa nacho Chikhristu, choncho analibe chifukwa chokometsera nkhaniyi.

Zolemba za Josephus, Myuda amene anamaliza buku lake la Antiquities cha mu 93, zimafuna kusamala kwambiri, chifukwa Yesu akutchulidwamo kawiri ndipo ndime ziwirizo sizilemera mofanana. Ya m'gawo 18 ili ndi mawu onena poyera kuti Yesu ndiye Khristu, mawu amene Myuda wosakhulupirira sakanalemba, ndipo akatswiri ambiri amati Akhristu okopera mabuku anaonjezerapo zawo pa mawu ochepa amene analipo kale. Musaidalire kwambiri ndimeyi. Ya m'gawo 20 ndi yaifupi komanso yosakometsera: ikunena za kuphedwa kwa Yakobo mu 62, ndipo pom'siyanitsa ndi anzake a dzina lomwelo ikumutchula kuti mbale wa Yesu wotchedwa Khristu. Ameneyu ndi Yakobo yemwe uja Paulo anakumana naye.

Chilungamo chimafuna kuti muvomereze pamene umboni ukuperewera. Tacitus ndi Josephus sanamuone Yesu, ndipo palibe chikalata cha boma la Roma cha m'masiku ake chimene chikumutchula. Komabe musanagamule kuti kusatchulidwako kukutanthauza kuti kunalibe, funsani kuti ndani wa ku Yudeya amene zikalata zotere zikumutchula. Pilato yemwe, amene analamulira Yudeya kuyambira mu 26 mpaka 36, mwala wolembedwa dzina lake unadzapezeka mochedwa kwambiri, mu 1961, mumzinda wa Caesarea.

Dzifunseninso ngati wopeka nkhani akanapeka zimene zalembedwazo. Ayuda ambiri ankayembekezera Mesiya wogonjetsa adani, ndipo Deuteronomo 21:23 amati wopachikidwa pamtengo ndi wotembereredwa. Paulo mwiniyo akuvomereza pa 1 Akorinto 1:23 kuti uthenga wa Khristu wopachikidwa unali chokhumudwitsa kwa Ayuda ndi chopusa kwa anthu a mitundu ina. Munthu wofuna kukopa anthu ndi nkhani yabodza sangasankhire ngwazi yake imfa yochititsa manyazi chonchi.

Pomaliza, mukamva kuti nkhani ya Yesu inatengedwa kwa milungu yakale monga Horus kapena Mithras, pemphani wonenayo akuonetseni cholembedwa chakale chenichenicho, osati buku la masiku ano lobwereza mawu a buku linzake. Kawirikawiri amati Mithras anabadwa kwa namwali, pamene zosema za anthu amene ankamupembedza zimamuonetsa akutuluka m'thanthwe, mpeni kudzanja lina ndi muuni kudzanja linalo.