Momwe mungadziwire tanthauzo la "pride" m'Chingerezi

Mukakumana ndi mawu akuti "pride" kapena "proud", musathamangire kunena kuti ndi kunyada. Yang'anani kaye mawu oyandikana nawo.

Pakakhala "proud of", nthawi zambiri nkhani ndi yabwino. Mayi akauza mwana amene wakhoza mayeso kuti "I am proud of you", ndiye kuti akumunyadira, mtima wadzaza chimwemwe. Chimodzimodzi "take pride in your work", kutanthauza kugwira ntchito mosamala, ndi mtima wonse. Amenewa ine ndimawakonda kwambiri, chifukwa amalemekeza ngakhale wosesa amene sasiya chinyalala pakona.

Koma mukamva "too proud to ask", kumeneko ndi kudzikuza: munthu wasochera, dzuwa likulowa, koma safuna kufunsa njira. Ndiko kunyada kwa pa Miyambo 16:18, kotsogolera ku chiwonongeko, komwe Akhristu akale anakuwerengera pa machimo 7 akuluakulu. Akakuuzani "swallow your pride", akuti dzichepetseni, pepesani ngakhale zikuwawa.

Samalaninso chilembo chachikulu. "Pride" wa mwezi wa Juni amanena za anthu a LGBT, pokumbukira zipolowe za ku Stonewall, mumzinda wa New York, mu 1969. Pankhani ya nyama, "a pride of lions" ndi gulu la mikango basi.