Kutsika Khwekhwerere pa njinga osasiyako mano

Anthu ambiri akagula njinga ija ya matayala oonda, ya mahandulo opindika ngati nyanga za nkhosa, amangothera kuzungulira nayo mtauni kulimbana ndi maminibasi ndi anyamata a kabaza mpaka zimawakwana, kenako njinga ija imakakhala kuseri kwa chitseko nkumayanikapo thaulo. Inenso ndinatsala pang'ono kutero. Chinandibweza ndi msewu wa Khwekhwerere, uja umapatuka pa M1 pa Masasa mukapitirira Dedza, nkutsika phiri mokhotakhota mpaka kukagwera pa M5 pa Golomoti. Ndi wa tala, magalimoto ndi apo ndi apo, ndipo pena mumatha kupalasa nthawi yaitali ndithu mukungomva tcheni chanu ndi mbuzi kulira kutsidya.

Koma ndinene kaye, kuno kwathu msewu wa zii sikuti ndi wopanda kanthu ayi. Magalimoto akachepa ndiye kuti msewuwo ndi wa eni mudzi: ana, nkhuku, ngolo, amayi osenza nkhuni, abambo okankha njinga ya matumba atatu a makala. Inu ndinu mlendo wodutsa basi.

Tsiku musankhe bwino. Msewu umenewu ndi womwenso anthu a ku Lilongwe amadulira popita kunyanja ku Mangochi ndi ku Monkey Bay, ndiye Lachisanu masana ndi Lamulungu madzulo musayese, mukumana ndi anthu othamangira wikendi ena atayamba kale kumwa. Pakati pa sabata ndiye bho, apo ayi Loweruka mmamawa. Miyezi yabwino ndi kuyambira Meyi mpaka Ogasiti, mvula itatha koma dzuwa lisanayambe kulusa. Okutobala musiyeni, kumtunda mukhoza kumva bwino koma mukafika pansi pa Golomoti kutentha kwake mudziona ngati mwalowa mu uvuni wa njerwa. Nthawi ya dzinja vuto ndi mchenga ndi timiyala timene madzi amakokolorera pa tala, makamaka mmakona momwe mukufuna tayala ligwire.

Mukagone pa Dedza penipeni kuti mudzuke muli pafupi. Dedza ili pamwamba, mamita pafupifupi 1,600, ndipo mu Juni ndi Julayi kumazizira kosaseketsa, zala zimachita kuuma osamva kuti wagwira buleki kapena ayi. Valani kajekete kopyapyala kotchinga mphepo komwe mungakapinde nkuika mthumba mukatsika, ndi magolovesi, ngakhale aja a pa kaunjika. Nyamukani kukangoyera, cha mma 6 koloko. Chigawo cha M1 kuchoka pa Dedza kukafika pa Masasa ndi chokhacho chimene ine sindimachikonda, malole ndi mabasi amadutsa ngati akukuthamangitsani, ndiye khalani kumanzere kwenikweni, muli awiri kapena atatu ndandanani kumbuyo kwa mnzanu osati kuyenda mophatikizana mukucheza za mpira. Ubwino wake mphambano ya pa Masasa ili kumanzere komweko, simudula msewu.

Za njingayo. Madzulo ake musanagone yang'anani mabuleki, osati kungofinya kamodzi nkuti ali bwino. Onani timalabala tija ngati tatha, ngati mizere yake sikuonekanso sinthani, ndi totchipa kuyerekeza ndi dzino. Kebulo ngati yayamba kutuluka tiwaya ngati ndevu, ichotseni. Matayala ngati felemu ikulola ikani onenepa 28mm kapena 32mm, aja a 23mm ndi a misewu ya kwa eni ake, pa tala wathu amakugwedeza mpaka msana. Ndipo musapope mpaka kuuma gwa poganiza kuti ndiye liwiro, tayala la 28mm kwa munthu wa thupi lapakatikati mpweya wa 70 kapena 80 psi (muyeso wa pa geji ya pampu) ndi wokwana, limagwira bwino pansi.

Apa pali kanthu kamene ambiri amadzadziwira pamsewu atavutika kale. Okonza njinga alipo pafupifupi pa tiledingi senta iliyonse, pansi pa mtengo, ndipo ndi akatswiri, kumata chubu, kuongola limu, zonsezo amatha kuposa ife. Koma katundu amene ali naye ndi wa njinga za kumudzi, zija za matayala a mainchesi 28 zonyamulira chimanga. Chubu chake ndi chonenepa, mu tayala lanu loonda la saizi ya 700c sichikhala bwino, ndipo pampu yawo pena sigwira pa valavu yanu yoonda ija ya Presta. Ine tsiku lina tayala linaphwa ndilibe pampu, mkulu wina anamata chubu bwinobwino mphindi zochepa, kufika popopa tinangoyang'anizana, ana atatizungulira akuseka, mpaka ndinakwera matola njinga ili pamwamba pa matumba a kabichi. Kuyambira pamenepo ndimayenda ndi machubu awiri, mapatchi ndi solushoni, pampu yanga yaing'ono, timapulasitiki totsegulira tayala, ma alenki omangira mabawuti, ndi kolumikizira tcheni chikaduka. Zonsezi zimakwana mu kachikwama ka pansi pa chishalo.

Tsopano kutsikako, pamene pagona nkhani. Mukapatuka pa Masasa poyamba msewu umakunyengererani, kukwera pang'ono kutsika pang'ono pakati pa minda, kenako mumangoona dziko latseguka kutsogolo, chigwa chonse chili pansi uko ndipo kukakhala kowala bwino nyanja imaoneka patali ngati lata. Kuchoka apo mpaka pansi mutsika mamita pafupifupi 1,000, ndipo njinga ya mtundu umenewu simafunsa, ukangoisiya imathawa nawe.

Gwirani mahandulo mmunsi mopindika muja, zala ziwiri pa buleki iliyonse, matako muwabweze mmbuyo pang'ono pa chishalo. Liwiro muchepetse kona isanafike, njinga ikadali yoongoka, mukalowa mu kona muzimasula. Kufinya buleki mwamphamvu mutapendekeka kale, makamaka yakutsogolo, ndi mmene anthu amasendekera khungu pa tala. Koma musaiope buleki yakutsogoloyo, poongoka ndi imene imaimitsa njinga, yakumbuyo yokha imangokhwekhwereza tayala. Pokhota, pedulo ya mbali yakunja ikhale pansi mutaiponda, yamkati mmwamba kuti isakhule msewu, maso ayang'ane komwe mukupita osati kuphedi komwe mukuopa kugwera, chifukwa njinga imatsata maso.

China, musagwire mabuleki mosalekeza kuchoka pamwamba mpaka pansi. Labala ikamakhula limu nthawi yaitali limu imatentha, mabuleki amayamba kufooka, pena chubu chimaphulika ndithu. Finyani mwamphamvu, masulani, finyani, masulani. Mukaona kuti manja atopa imani pambali pamalo poti galimoto ikuonani patali, gwirani limu mumve, ngati ikuotcha dikirani izizire mukudya nthochi. Ndipo kona iliyonse yomwe simukuona kutsogolo kwake muziganiza kuti kuseri kuli galimoto yomwe yadya mbali yanu, chifukwa madalaivala ambiri pamenepa amadula makona. Mzere wapakati musauoloke olo msewu uoneke wanu nokha.

Mbuzi ndiye musazikhulupirire. Ikakhala mbali ino mwana wake ali mbali inayo, dziwani kuti imodzi idutsa pamaso panu penipeni. Nkhuku chimodzimodzi. Ana akamakuthamangirani akukuwa ingochepetsani liwiro nkuwabayibitsa, osawaponyera maswiti, mawa adzathamangira galimoto. Njinga zathuzi sizimveka kubwera, ndiye ikani belu, musachite nalo manyazi, kapena kuwani "zikomo kumeneko!" mukadali patali kuti gogo amene wasenza mtolo asadzidzimuke nkutembenukira kolakwika.

Mukaona masamba kapena nthambi zaikidwa pamsewu ndiye kuti pali maliro. Tsikani pa njinga, muikankhe mpaka mutapitirira masamba a mbali inayo, magalasi akuda vulani, nyimbo zimitsani. Olo mukuthamangitsa nthawi pa Strava, apu ya pa foni yoyeza liwiro, imeneyo isiyeni, palibe amene akupatseni mendulo. Dera limeneli kulinso gule wamkulu, makamaka miyezi yomweyi anthu akakolola. Mukakumana ndi gule pamsewu patukani, tsikani, foni ikhale mthumba osayamba kujambula, ngati muli ndi kandalama kochepa ponyani pansi, adutsa okha.

Mmbali mwa msewuwu muonanso anyamata akugulitsa zosema, timagalimoto ta mitengo, tindege, ngakhale tinjinga tokhala ndi matayala ozungulira ndithu. Imani muone, luso lake ndi lodabwitsa, kungoti ponyamula pa njinga mpovuta, ine kanjinga kanga kanafika kunyumba kopanda handulo.

Madzi nyamulani mabotolo awiri, limodzi muthiremo Thanzi ORS ngati mumatuluka thukuta kwambiri. Akatha, mijigo ilipo mmidzi, koma perekani moni kaye kwa amayi amene mwawapeza, "mwaswera bwanji amayi, tipempheko madzi", nthawi zambiri amakupatsani mpata komanso kukupoperani. Ndalama tengani zosinthasintha, wogulitsa zitumbuwa sakhala ndi chenje cha K5,000, ndipo Airtel Money kapena Mpamba musadalire kwambiri, netiweki mmakhwawa muja imabwera nkumapita. Kudya muzidya musanamve njala, nthochi, mbatata yootcha, mtedza, kabotolo ka thobwa, koma tchipisi cha pa chiwaya sungirani pomaliza.

Mukafika pa Golomoti vulani jekete lija, mukhala mutayamba kale kumva kutentha. Ngati miyendo ikadali ndi mphamvu khoterani kumanzere pa M5 kulowera ku Salima mukafike ku Mua. M5 ndi yopapatiza ndipo mmbali mwake tala anadyeka malo ambiri, ndiye mukamva lole kumbuyo ndi bwino kungotsikira kufumbi nkuipatsa njira. Ku Mua kuli mishoni ya Akatolika imene ansembe a White Fathers anayambitsa mu 1902, ndi malo a zachikhalidwe a Kungoni omwe Bambo Claude Boucher a ku Canada anatsegula mu 1976, muli zigoba za gule zambirimbiri ndi mbiri ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Ndi malo abwino kupumulirapo pamthunzi miyendo ili mmwamba.

Kubwerera ndiye muganize musananyamuke kunyumba. Chomwe mwatsika chija chikudikirani. Ngati mukufuna kukwera ndi miyendo, onetsetsani kuti muli ndi giya yopepuka, ya mano 34 kutsogolo ndi mano 32 kapena 34 kumbuyo, yambani pang'onopang'ono ngati mukuopa kudzutsa munthu, khalani pa chishalo muzizungulitsa miyendo mmalo moponda mwankhanza, ndipo musayambe phirilo dzuwa lili paliwombo. Bola kugona kumunsi nkulikwera mmawa mwake kukadali kozizira. Mu Juni dzuwa limalowa 6 koloko isanakwane, ndiye mdima usakupezeni pakati pa phiri opanda nyale. Kutsika nkukankha palibe chamanyazi, a makala aja akuuzani kuti "limbani achimwene" inu mukuwefuka ndi njinga yosalemera olo makilo 10.

Apo ayi kwezani njinga mu minibasi pa Golomoti. Gwirizanani mtengo wa njingayo ndi kondakitala musanakweze, chotsani tayala lakutsogolo mulowe nalo mmanja, ndipo muimirire pompo pamene akumanga, mbali ya tcheni ikhale mmwamba, chifukwa akaigoneka pa dirella, kachitsulo kosinthira magiya kaja, nkusanjikapo thumba la ufa mukafika ku Dedza magiya sakusinthanso.