Kupumitsa thupi mukamaliza ulendo wapansi wa kumalo oyera

Kuchokera ku Mchinji boma kukafika ku Lilongwe pa msewu wa M12 ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 110. Gulu la amwendamnjira loyenda makilomita 25 kapena 30 patsiku limatha masiku anayi. Ngakhale amene angochokera ku Kamwendo kukapemphera ku parishi ya Katolika ya Guilleme amafika miyendo ikuwawa. Chodabwitsa n'chakuti ambiri amakomoka atafika kale, osati panjira.

Poyenda, minofu ya m'akatumba imathandiza kukankhira magazi kumtima. Mukaima mwadzidzidzi pa Misa yaitali, padzuwa, magazi amatsalira m'miyendo, mutu n'kuyamba kuzungulira. Choncho mukafika yendaniyendani pang'onopang'ono kwa mphindi 10, kenaka khalani pamthunzi. Amene wachita chizungulire mugonekeni chagada, miyendo muikweze pachikwama. M'mwezi wa June ndi July kuno kumazizira dzuwa likangolowa, ndiye vulani msanga malaya a thukuta, fundani chitenje chouma.

Madzi imwani pang'onopang'ono, kapu imodzi pa mphindi 15 zilizonse, osati kugugudiza chigubu chonse. Thukuta limachotsanso mchere m'thupi, n'chifukwa chake paketi imodzi ya Thanzi ORS m'lita imodzi ya madzi owiritsa kapena othira WaterGuard imathandiza kuposa madzi okhaokha. Ikasowa, sungunulani masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere m'lita imodzi. Mkodzo ndiwo ukuuzeni: ukayera ndiye kuti madzi akwana. Ukada ngati tiyi wopanda mkaka, minofu ikupweteka kwambiri, pitani kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa minofu yowonongeka imatha kuwononga impso. Pachifukwa chomwechi, bulufeni musamwe thupi lili lopanda madzi okwanira. Panado ndiye wabwino: mapiritsi awiri kwa munthu wamkulu, osapitirira 8 patsiku. Mowa udikire.

Mapazi ndiwo amafuna nthawi. Atsukeni ndi sopo ndi madzi ofunda, muumitse bwino pakati pa zala. Matuza aang'ono asiyeni, amaphwa okha. Thuza lalikulu lokulepheretsani kuponda liboleni m'mbali ndi singano yowotcha pamoto n'kuiziziritsa, finyani madzi atuluke, koma khungu la pamwamba musalisende, ndilo chivindikiro cha bala. Pakani mankhwala a pabala, mumange ndi pulasitala. Zija zolowetsa ulusi m'thuza n'kuusiya momwemo zilekeni, ulusiwo ndi njira ya tizilombo. Minga ndi lezala yobwerekana nazonso ayi. Bala likafiira mozungulira, kutentha kapena kutulutsa mafinya, n'lofunika achipatala. Odwala shuga asabole thuza okha, ndipo wina awayang'ane kuphazi, poti ena samva ululu ngakhale bala lilipo. Chikhadabo chikada musachizule, chidzagwa chokha china chikamamera. M'mphechepeche monyuka pakani Vaseline.

Chakudya choyamba chikhale chopepuka, phala, nthochi, mbatata kapena thobwa, pasanathe ola limodzi mutafika. Nsima ya nyemba, mazira kapena usipa ibwere madzulo, mimba itakhazikika. Pogona kwezani miyendo pa bulangete lopindapinda kwa mphindi 20 kuti kutupa kuchepe.

Pobwerera pa lole kapena minibasi, miyendo yopindika nthawi yaitali imauma. Atsogoleri agwirizane ndi dalaivala kuti aziima maola awiri alionse anthu atsike, ndipo awerenge anthu asananyamuke, makamaka agogo ndi ana a kwaya. Katumba wa mwendo umodzi wokha akatupa, kutentha ndi kupweteka, musamusisite. Akhoza kukhala magazi oundana, ndipo kumeneko n'kwa dokotala.

Ululu wa minofu umakula tsiku lachiwiri, n'kuyamba kuchepa lachitatu kapena lachinayi. Kugona tsiku lonse kumangowumitsa thupi. Yendani mphindi 20 m'mawa mutavala nkhwaira. Khasu, kusenza matumba a chimanga ndi kupalasa kabaza zidikire masiku atatu.

Amene munagona m'makalasi kapena panja popanda neti, kumbukirani kuti malungo amaonekera pakadutsa sabata kapena kupitirira. Thupi likatentha masiku amenewo musanene kuti ndi kutopa kwa ulendo, kayezetseni magazi.