Momwe mungadziwire komwe ndalama ya ulimi imafika m'chuma cha dziko

Soya wa ku Mchinji sathera pa sikelo ya venda. Amakayengedwa mafuta ophikira, zotsalira n'kukhala chakudya cha nkhuku, wa lole naye n'kudyapo. Tebulo la input-output, lomwe linam'pezetsa katswiri wa zachuma Wassily Leontief mphoto ya Nobel mu 1973, limaonetsa kuti ndani amagula kwa yani m'chuma chonse. Ine ndinalipangapo pa laputopu wamba.

Yambani ndi ziwerengero. Za chuma zili ku National Statistical Office ku Zomba, za zokolola ku unduna wa zaulimi, ndipo IFPRI, bungwe lofufuza za ndondomeko za chakudya, inakonza kale SAM ya Malawi (tebulo lalikulu loonetsa momwe ndalama zimayendera m'chuma chonse) yoti mungayambirepo. Chenjerani ndi anyamata ogulitsa matebulo pa flash, ena amangotenga la dziko lina n'kusintha dzina. Pulogalamu musagule, LibreOffice, yomwe ili ndi matebulo owerengera ngati a Excel, ndi yaulere, imangodya bandulo poitsitsa.

Gawani chuma m'magulu ochepa: chimanga, fodya, soya, ziweto, mafakitale a zakudya, mtengatenga, malonda ndi zina zonse. Mzere wopingasa uonetse komwe gulu limagulitsa, wotsika uonetse komwe limagula. Chimanga chodya pakhomo chiwerengeninso, ngakhale sichifika pamsika.

Pomwe ndinaphonya ndi pa feteleza. Ndinamulemba ngati wopangidwa konkuno, poti alimi amamugula m'sitolo za pa boma. Zotsatira zake zinandisangalatsa kwambiri: kwacha iliyonse yolowa m'chimanga inkaoneka ngati ikudyetsa magulu ena ambirimbiri. Nditafotokoza pamsonkhano, bambo ena achikulire anandifunsa mwaulemu kuti fakitale ya yureya ili pati m'Malawi muno. Ndinangoti kakasi. Pafupifupi feteleza wathu yense amachokera kunja, kudzera ku Beira, Nacala ndi Dar es Salaam. Ndalamayo imatuluka, yotsala kuno ndi ya wonyamula, wosakaniza ndi wogulitsa basi. Choncho katundu wochokera kunja akhale ndi mzere wakewake, dizilo ndi mankhwala ophera tizilombo chimodzimodzi. Kukonza kunanditengera milungu iwiri, ndipo ndili mkati ndinapezanso kuti ndinaphatikiza mitengo ya zaka zosiyana. Kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndiye sankhani chaka chimodzi.

Zotsalazi n'zachidule. Gawani nambala iliyonse ndi chiwonkhetso cha mzere wake wotsika (mtengo wa zonse zomwe gululo limapanga), zotsatirazo muzichotse pa identity matrix (tebulo lokhala ndi 1 pomwe gulu likumana ndi lokha, ndi 0 pena ponse), lembani MINVERSE, fomula ya LibreOffice yotembenuza tebulo. Kenako onjezani soya wogulitsa kunja, muone ndi MMULT, fomula yochulukitsa matebulo, magulu omwe akukwera naye. Chitaninso chimodzimodzi ndi fodya, muyerekeze.