Momwe mungayendere ku pub ya kumudzi ku Yorkshire kukalawa mowa wa mumgolo ndi chakudya cha komweko

Amalawi ambiri amene tikukhala ku Leeds, Bradford ndi Manchester timatha zaka tikudziwa njira ya kuntchito, ya kutchalitchi ndi ya kusitolo yogulitsa ufa, koma osapondako kumidzi ya m'mapiri imene ili pa mtunda wa ola limodzi kapena awiri kuchokera kumene timagona. Ine ndinayamba kupita ku Yorkshire Dales, dera la mapiri ndi zigwa kumpoto kwa England, chifukwa cha mnzanga wa kuntchito, ndipo pano ndapitako kokwanira moti ndikhoza kulongosolera wina amene akufuna kuyesa. Pub ya kumudzi ndi nyumba imene alimi, okalamba, mabanja ndi anthu oyenda m'mapiri amakumanako kuti adye, acheze ndi kuotha moto, ndipo munthu wosamwa mowa amamulandira chimodzimodzi ndi wakumwa.

Choyamba, dziwani chimene mukukalawa. Mowa umene Angerezi amautcha real ale kapena cask ale sauphika kachiwiri pofuna kupha yisiti, ndiponso saupopera mpweya wa m'botolo. Ofulula amauthira mumgolo ukadali wamoyo, ndipo umapitiriza kuwira pang'onopang'ono m'chipinda chapansi cha pub mpaka utapsa bwino. Amene anamwapo Chibuku kapena masese amvetsa msanga, chifukwa nawonso ndi mowa umene umasintha kakomedwe tsiku ndi tsiku, ngakhale kuti maonekedwe ake ndi osiyana kotheratu. Mowawu amausunga pa madigiri 11 mpaka 13, choncho kwa ife amene tinazolowera Carlsberg yozizira kwambiri, yomwe yakhala ikufululidwa ku Blantyre kuyambira 1968, kumwa koyamba kumadabwitsa. Musaganize kuti firiji yawo yawonongeka. Kuzizira kochepako ndi kumene kumachititsa kuti chimera ndi kuwawa kwa hops, maluwa a chomera china amene amathira mu mowa, zimveke pa lilime. Mgolo wodziwika kwambiri, umene amautcha firkin, umatenga mapainti 72, ndipo akangoutsegula uyenera kutha m'masiku atatu kapena anayi usanayambe kusasa.

Chachiwiri, sankhani malo. Bungwe la CAMRA, limene linakhazikitsidwa mu 1971 pofuna kuteteza mowa wa mtundu umenewu pamene makampani akuluakulu ankafuna kuusiya, limatulutsa chaka chilichonse buku la Good Beer Guide, ndipo mamembala ake ndi amene amasankha malo olembedwamo. Simukufunikira kugula latsopano, chifukwa la chaka chatha limapezeka motchipa m'masitolo a zinthu zogwiritsidwapo kale ntchito, ndipo malaibulale ambiri ali nalo. Pakhomo la ma pub ena mudzaonanso chikwangwani cha Cask Marque, chosonyeza kuti oyendera anabwera kudzayesa mowa wawo. Ngati mukufuna mowa wa m'deralo, yang'anani mayina a Theakston, amene akhala akufulula m'tauni yaing'ono ya Masham kuyambira 1827, Black Sheep, imene Paul Theakston anayambitsa m'tauni yomweyo mu 1992, ndi Timothy Taylor ya ku Keighley, imene inayamba mu 1858. Anthu ambiri amalakalaka kufika ku Tan Hill Inn, pub imene ili pamwamba kuposa ina iliyonse ku Britain, pa mamita 528, koma paulendo woyamba sindingakulangizeni zopita kumeneko m'nyengo yozizira. Mu Novembala 2021, pa nthawi ya mphepo yamkuntho ya Arwen, alendo pafupifupi 60 anatsekeredwa kumeneko ndi chipale chofewa kwa mausiku atatu.

Chenjerani ndi zotsatsa za pa intaneti zolonjeza chakudya cha anthu awiri pa theka la mtengo. Nthawi zambiri makuponi amenewo sagwira ntchito Loweruka ndi Lamlungu, omwe ndi masiku amene ambiri mwa ife timapuma, ndipo pub imene ili ndi mbiri yabwino siisowa alendo mpaka kufika pogulitsa makuponi.

Chachitatu, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mumvetsere kwambiri, konzani nthawi ya chakudya ndi njira yobwererera musanatuluke m'nyumba. Ulendo wanga woyamba wopanda mnzanga uja unasokonekera pamenepa. Linali Lamlungu la mu Novembala, ndipo ine ndi mayi a kunyumba tinakwera sitima ku Leeds, ya njanji ya Settle ndi Carlisle, yomwe imadutsa pa mlatho wotchuka wa Ribblehead wa zipata 24. Pa mapu, mudzi umene tinkapitako unkaoneka kuti uli pafupi ndi siteshoni, ndipo ndinawerengera kuti tiyenda mphindi 40. Sindinaganizire za zitunda, matope ndi zipata za m'makola a nkhosa zimene munthu amayenera kutsegula ndi kutsekanso. Tinayenda ola ndi theka, ndipo pamene tinkalowa m'nyumbamo nthawi inali itangopitirira 3 koloko masana. Khitchini inali itatsekedwa mphindi 10 zapitazo, ophika atapita kwawo, ndipo chimene chinatsala chinali mtedza ndi tchipisi ta m'mapaketi. Mwini wake anatipepesa mwaulemu, koma panalibe chimene akanachita. Ma pub ambiri a kumidzi amaphika kuyambira 12 koloko mpaka 2 kapena 3 koloko, kenako amayambiranso madzulo cha m'ma 6 koloko, ndipo Lamlungu madzulo ena saphika n'komwe. Ena satsegula Lolemba ndi Lachiwiri, makamaka m'nyengo yozizira.

Njala sinali vuto lalikulu poyerekeza ndi chimene chinatsatira. Ndinali nditaona pa intaneti kuti pali basi ya madzulo, koma ndondomeko imene ndinawerenga inali ya m'chilimwe, ndipo basi imeneyo inali itasiya kuyenda milungu ingapo m'mbuyomo. Mu Novembala dzuwa kumeneko limalowa cha m'ma 4 koloko, misewu ya m'midzi ilibe magetsi kapena njira ya oyenda pansi, ndipo kubwerera ku siteshoni mumdima kudutsa m'minda kukanakhala kuika moyo pachiswe. Foni yanga inalibe netiweki chifukwa mudziwo uli m'chigwa, ndipo ngakhale ikanakhala nayo, magalimoto oitanitsa pa foni amene tinawazolowera m'tauni kumeneko kulibe. Mwini pub anatiimbira takisi pa foni ya m'nyumba, koma dalaivala yekhayo amene ankagwira ntchito tsiku limenelo anali kutali ndi alendo ena. Tinadikira maola awiri, sitima yathu inatisiya, ndipo tinalipira mapaundi 55 kuti atifikitse ku siteshoni ina kumene kunali sitima ya usiku. Mayi a kunyumba anali ndi shifiti ya m'mawa tsiku lotsatira, ndipo mpaka pano zimandipweteka kuti ndinawavutitsa chifukwa chosafunsa mafunso awiri okha.

Kuyambira pamenepo ndimachita motere. Pakatsala masiku atatu kapena anayi ndimaimba foni ku pub, osadalira zolembedwa pa Google kapena pa Facebook, chifukwa nthawi zina zimakhala zakale. Ndimafunsa nthawi yeniyeni imene khitchini imasiya kulandira maoda, ndimasungitsa tebulo, ndipo ndimapempha nambala ya takisi imene iwo amaikhulupirira. Takisiyo ndimaisungitsa tsiku lomwelo, ndi kumvana mtengo ndi nthawi. Ndondomeko ya basi ndimaiona pa tsamba la kampani yake kapena la DalesBus, limene limasonyeza mabasi a ku Dales, ndi kuyang'anitsitsa masiku amene ikugwira ntchito, kenako ndimaijambula pa foni kuti ndikhale nayo ngakhale netiweki itasowa. Kuyambira Januwale 2025 mabasi ambiri a ku England salipiritsa kuposa mapaundi 3 pa ulendo umodzi, choncho basi ikakhalapo ndiyo njira yotchipa koposa. Onetsetsaninso mtunda weniweni pakati pa siteshoni ndi mudzi, chifukwa dzina limanyenga. Siteshoni ya Dent, mwachitsanzo, ili pa mtunda wa makilomita oposa 6 kuchokera ku mudzi wa Dent, ndipo ili pamwamba pa chitunda chachikulu.

M'magulu a pa Facebook mumapezeka anthu odzipereka kukunyamulani pa galimoto yawo pa mtengo wochepa. Musavomere. Munthu wonyamula anthu pa ndalama ayenera kukhala ndi chiphaso cha khonsolo ndi chikwangwani chake pa galimoto, ndipo amene alibe zimenezi alibenso inshuwalansi yokutetezani pa ngozi. Ngati mwasankha kupita pa galimoto yanu, mmodzi wa inu asamwe konse. Lamulo la ku England limaika malire pa mamiligalamu 80 a mowa mu mamililita 100 a magazi, pamene ku Scotland ndi 50, koma misewu ya ku Dales ndi yopapatiza, yokhotakhota, yotchingidwa ndi makoma a miyala ndipo nkhosa zimagona mumsewu. Kwa amene tili kuno pa visa, mlandu woyendetsa galimoto utamwa ukhoza kukhudzanso mapepala ndi ntchito.

Chachinayi, mukafika, gwedezani matope kapena vulani nsapato ngati pakhomo alemba choncho, pezani tebulo lanu ndi kuona nambala yake, kenako pitani pa kauntala. Musakhale pansi kudikira kuti wina abwere kudzakufunsani, chifukwa m'ma pub ambiri zakumwa ndi zakudya zimaitanitsidwa pa kauntala ndipo mumalipira nthawi yomweyo. Palibe mzere wooneka, koma wogulitsa amadziwa amene anayamba kufika, ndipo kukweza ndalama m'mwamba kapena kuitana ndi mluzu kumaonedwa ngati mwano. Mowa wa mumgolo umatuluka pa mipope yaitali ya m'manja imene wogulitsa amakoka kangapo, ndipo pa mpope uliwonse pamakhala kachikwangwani ka dzina la mowa ndi mphamvu yake. Mpope umene kachikwangwani kake katembenuzidwa ndiye kuti mowa umenewo watha.

Pemphani kulawa musanagule. Amakuthirirani pang'ono m'katambula kwaulere, ndipo sachita nazo nkhope yoipa, makamaka mukawauza kuti ndi nthawi yanu yoyamba. Painti ndi mamililita 568, koma mukhoza kugula theka, ndipo malo ena amagulitsa gawo limodzi la magawo atatu kuti munthu alawe mitundu ingapo. Yambani ndi mowa wopepuka wotchedwa best bitter, wa pafupifupi 3.8 peresenti, kenako muyese Landlord ya Timothy Taylor, ya 4.3 peresenti. Old Peculier ya Theakston, yakuda ndi yotsekemera pang'ono, ili ndi 5.6 peresenti ndipo imatsika mosavuta kuposa mmene mphamvu yake ilili, choncho theka ndi lokwanira. Ulendo wanga womaliza painti inali pakati pa mapaundi 4.50 ndi 5.50, zomwe ndi zotsikirapo poyerekeza ndi pakati pa mzinda. Kumpoto kuno amakonda thovu lochindikala, koma likachuluka mopitirira muyeso dikirani likhazikike ndi kupempha kuti akuwonjezereni.

Mowa ukamanunkha ngati viniga kapena ukakhala wosukuluka wopanda moyo, ubwezeni mwaulemu mutangomwako kamodzi kapena kawiri, ndipo adzakusinthirani. Ine ndimakhulupirira pub ya mipope itatu imene mowa wake ukutuluka mofulumira kuposa ya mipope 10 pa tsiku la pakati pa sabata pamene alendo ndi ochepa, chifukwa migolo yambiri yotsegulidwa imangosasa.

Chachisanu ndi chakudya. Lamlungu itanitsani Sunday roast, yomwe ndi nyama yootcha ya ng'ombe, nkhosa, nkhumba kapena nkhuku, mbatata ya kachewere yootcha, masamba, msuzi wambiri ndi Yorkshire pudding, kamkate kofufuma ka ufa wa tirigu, mazira ndi mkaka. Ine ndakhala ndikulipira pakati pa mapaundi 16 ndi 20. Masiku ena yesani steak and ale pie, nyama ya ng'ombe yophikidwa mu mowa womwewo. Onani kaye zolembedwa ndi choko pa bolodi, chifukwa kumeneko ndi kumene amalemba zophikidwa tsiku limenelo, ndipo mndandanda wa zakudya 60 kawirikawiri umatanthauza kuti zambiri zikuchokera mufiriji. Ngati muli ndi malo m'mimba, malizani ndi tchizi cha Wensleydale, chopangidwa ku Hawes, chimene anthu a kumeneko amadyera limodzi ndi keke ya zipatso.

Zotsalazo ndi zazing'ono. Mukapita pagulu, aliyense amagulira onse nthawi yake ikakwana, choncho gwirizanani msanga ngati simukufuna kutero. Tengani ndalama zapamanja pang'ono chifukwa makina a khadi amavuta kumene netiweki ili yofooka. Pa zakumwa za pa kauntala sapereka ya pamwamba, koma pa chakudya mukhoza kusiya pang'ono ngati sanaiphatikize kale. Ana amaloledwa m'malo ambiri masana, agalu mudzawapeza pansi pa matebulo, ndipo fodya amasutira panja kuyambira 2007. Belu likalira usiku ndiye kuti akugulitsa komaliza, koma inu pofika nthawi imeneyo takisi yanu iyenera kukhala itakutengani kale.