Chord ya F inkandikana pa gitala

Gitala ndinayamba ndili ndi zaka 43, kuti ndizithandiza kwaya kutchalitchi. Chord ya F, yomwe chala cholozera chimakanikiza nsambo zingapo nthawi imodzi, inkangolira mogonthera, chala cholozera chikuwawa koopsa. Ndinakanikiza mwamphamvu miyezi iwiri, osaphula kanthu. Ndinkati mwina ndi ukulu.

Vuto linali gitalayo: nsambo zinatalikirana ndi khosi lake, mpata wa pa fret ya 12 (ma fret ndi timizere tachitsulo ta pakhosipo) unkapitirira mamilimita 4. Ndinamasula nsambo, n'kuzula kafupa koyera ka pa bridge, kathabwa kogwira nsambo pa thupi la gitala, n'kumakakhula kunsi kwake pa sandipepa woyala patebulo. Kunsi, osati pamwamba! Mukachotsa mamilimita 2, mpata uja umatsika ndi 1, choncho khulani pang'ono n'kuyesa. Kenaka ndinagula nsambo zopyapyala. Ndalama inapita pamenepo basi.

Lamlungu ndinaimba nyimbo yonse osaima, ngakhale F imachedwabe pang'ono.