Foni ikagone chipinda china: mmene mungawerengere zinthu n'kulowadi m'mutu

Tsiku lina ndinakhala patebulo kuyambira 7 koloko madzulo mpaka 10, buku la Biology lili chitsegulire, koma podzuka zomwe ndinkadziwa ndi za pagulu la WhatsApp la kwathu basi, amene wakwatira, amene akugulitsa nkhuku, amene wakangana ndi apongozi ake. Za m'bukumo olo chimodzi. Ngati nanunso zimakuchitikirani musadzitenge ngati mbuli ayi, vuto ndi kawerengedwe kake.

Yambani ndi foniyo. Kuivundikira patebulo sikuthandiza. Mu 2017 Adrian Ward ndi anzake ku University of Texas ku Austin anapatsa ophunzira timayeso tofuna kuganiza kwambiri, ndipo amene foni anaisiya chipinda china anakhoza bwino kuposa amene inali padesiki, chonsecho inali phee osalira. Ikakhala pafupi, mutu umatanganidwa ndi kudziletsa kuti musaigwire, mphamvu n'kumathera pamenepo. Ndiye apatseni amayi akusungireni, kapena iponyeni musutikesi mutseke zipi. Mwina muti nanga notsi zanga zili mufoni momwemo? Chabwino, dawunilodani kaye zomwe mukufuna, tsekani data, kenako muzikopera pamanja mukope, kukoperako nakonso ndi kuwerenga.

Nthawi muziidula tizidutswa. Francesco Cirillo wa ku Italy, ali pasukulu cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1980, ankatchera kawotchi ka kukhitchini kooneka ngati tomato, ndiye njira yakeyi amati Pomodoro, lomwe ndi dzina la tomato m'Chitaliyana: mphindi 25 kuwerenga, 5 kupuma, mukatero kanayi mupume nthawi yotalikirapo. Ine 25 imandichepera pa Masamu, funso limangoyamba kukoma belu n'kulira, ndiye ndimapanga 40. Inu onani yomwe ikukuyanjani. Koma popumapo osathamangira TikTok chonde, kamweni madzi, tsukani mbale ziwiri, tulukani panja muone nkhuku. Katswiri wina wofufuza, Sophie Leroy, anaonetsa mu 2009 kuti ukalumpha kuchoka pa ntchito ina kupita pa ina, maganizo ena amatsalira kumbuyo kuja, ndiye kavidiyo ka mphindi imodzi kamabwerera nanu patebulo. Muikenso kapepala pambali, likabwera ganizo loti "ndimutumizire uthenga uje" kapena "kodi mpira watha bwanji" lilembeni pamenepo n'kupitiriza, mudzalipeza mukamaliza.

Tsono apa ndi pomwe ambirife timadzinamiza. Timabwereza tsamba lomwelo kanayi, kulemba mizere kunsi kwa ziganizo mpaka buku lonse bii, ndiye poti mawuwo ayamba kuoneka achizolowezi timati zalowa. Sizinalowe, maso angozolowera. Henry Roediger ndi Jeffrey Karpicke a ku Washington University ku St. Louis anayesa zimenezi mu 2006, gulu lina linkangobwereza kuwerenga nkhani, lina linkaichotsa pamaso n'kulemba zomwe likukumbuka. Patatha mphindi 5 obwereza aja anali patsogolo, koma patatha sabata odziyesa aja ndi amene anakumbukira zambiri. Mayeso a MSCE sabwera patatha mphindi 5 paja.

Ndiye chitani chonchi. Werengani masamba awiri kapena atatu, tsekani buku, tengani pepala loyera mulembe zonse zomwe zatsala m'mutu, olo zikhale ziganizo zitatu zokha zopindikapindika. Zimawawa, umakhala ukutafuna cholembera uku ukudziona wopepera, koma kuwawako ndiye kuphunzirako. Kenako tsegulani muone zomwe mwasiya, zilembeni ndi inki ina kuti zizionekera. Mapepala akale a mayeso a MANEB musamawasungire sabata yomaliza, yambani nawo pano, ndipo osasuzumira mayankho musanavutike nalo funsolo. Njira ina yomwe ndimaikonda ndi kumugwira mng'ono wanu n'kumufotokozera mmene mtima umapopera magazi, m'Chichewa, osaponyamo mawu a m'buku oloweza aja. Pomwe mwayamba "eee, ujeni, chakuti" mudziwe kuti pamenepo simunamve.

Mutu umodziwo muubwererenso mawa, kenako patatha masiku atatu, kenako sabata. Hermann Ebbinghaus, katswiri wa ku Germany wofufuza za kukumbukira, analemba kale mu 1885 kuti chomwe waphunzira chimathawa kwambiri m'maola ndi masiku oyambirira, ndiye kubwereza motalikiranitsa kumaposa kuchezera usiku umodzi miyendo ili mubeseni la madzi ozizira. Tulo natonso gonani, bongo umasanja zomwe mwawerenga muli mtulo.

Masiku oyamba dzanja lizingopita lokha mthumba kukafufuza foni yomwe mulibe, ine zinkandichitikira mwina kakhumi pa ola. Musayambe ndi maola atatu, lero pangani chigawo chimodzi cha mphindi 25 ndi pepala limodzi loyera, mawa ziwiri. Foni mukaitenga kusutikesi kuja mupeza pagulu paja akadakanganabe za mtengo wa nkhuku zomwe zija.